Msewu wa mpikisano ukatsegulidwa kwa aliyense: liwiro ndi ngozi pa Nürburgring

Kumadzulo kwa dziko la Germany, m'mapiri a nkhalango a Eifel, kuli msewu wa mpikisano wa magalimoto wotchedwa Nürburgring. Mbali yake yakale, Nordschleife, imakhotakhota mtunda wa makilomita 20.8 n'kudzatulukira pomwe inayambira. Kuyambira cha mu Malichi mpaka mu Novembala, madzulo a masiku ambiri a ntchito komanso masiku ena a kumapeto kwa sabata, eni ake amautsegula kwa anthu wamba. Aliyense wokhala ndi laisensi ndi galimoto yololedwa kuyenda pamsewu amagula tikiti, chotchinga cha pageti chimanyamuka, iye n'kulowa. M'zaka zaposachedwapa kuzungulira kamodzi kwakhala kukugulidwa pa ma euro 30 mpaka 35, malinga ndi tsiku. Pageti safunsa ngati munthuyo anaphunzirapo kuthamangitsa galimoto, samupatsa mlangizi, ndipo samukakamiza kuvala chipewa choteteza mutu. Nthawi zimenezi Ajeremani amazitcha Touristenfahrten. Zimakoka anthu a m'maiko ambiri, ena ali m'magalimoto a injini zamphamvu kuposa za magalimoto a Formula 1 amene ankapikisana pomwepo m'zaka za m'ma 1970.

Msewuwu anayamba kuumanga mu 1925, pofuna kupezera ntchito anthu a dera losauka la Eifel komanso kupatsa makampani opanga magalimoto malo oyesera. Unatsegulidwa mu Juni 1927, ndipo mpikisano woyamba wa magalimoto anapambana Rudolf Caracciola ali pa Mercedes. Kuopsa kwake sikunachedwe kudziwika. Jackie Stewart, amene anapambana pomwepo mu 1968 kuli mvula ndi nkhungu, n'kusiya mnzake wachiwiri ndi mphindi zoposa zinayi, ndiye anaupatsa dzina lakuti Gehena Wobiriwira. Mu 1970 madalaivala a Formula 1 anakana kupikisanapo mpaka eni ake ataika zitsulo zotchinga m'mbali ndi kusalaza timitunda tina. Pa 1 Ogasiti 1976 Ferrari ya Niki Lauda inachita ngozi pafupi ndi kona ya Bergwerk n'kuyaka moto. Amene anamutulutsa m'motomo anali madalaivala anzake omwe anaimitsa magalimoto awo, pakuti msewu wautali chomwechi sunkatheka kuuikira opulumutsa paliponse. Lauda anali atapempha anzake kuti anyanyale mpikisanowo koma ambiri sanamumvere. Kuyambira pamenepo Formula 1 sinabwererenso pa Nordschleife, ndipo mu 1984 anaimangira msewu wina waufupi pambali pake. Msewu umene akatswiri a nthawi imeneyo anautaya chifukwa cha kuopsa ndi womwewo umene lero munthu wamba amalowamo ndi galimoto yake ya kunyumba.

Misewu yamakono ya mpikisano nthawi zambiri imakhala yaifupi, ya makilomita anayi kapena asanu, ya makona osapitirira makumi awiri. Kunja kwa kona iliyonse yoopsa amasiyako bwalo lalikulu la phula kapena la timiyala, kuti galimoto yolephera kukhota ikathere liwiro mmenemo isanagunde kanthu. Pa Nordschleife mabwalo oterewa ndi owerengeka. Msewuwu unamangidwa motsata mapiri ndi zigwa, ndipo m'malo ambiri pakati pa phula ndi zitsulo zotchinga pali kamzere ka udzu ka mamita ochepa chabe. Galimoto ikaphonya njira imamenya chitsulo, ndipo kawirikawiri chitsulocho chimaibwezera pakati pa msewu, pamene ena akubwera ali pa liwiro.

Eni ake amawerenga makona 73, ena amawerenga oposa 150 akaphatikiza timakona tating'ono. Pakati pa malo okwera kwambiri ndi malo otsika kwambiri, pa mlatho wa Breidscheid, pali kusiyana kwa mamita pafupifupi 300. Choopsa kwenikweni n'chakuti makona ambiri saoneka munthu ali patali, amabisala kuseri kwa chitunda kapena kwa mitengo. Pa Flugplatz galimoto imakwera kachitunda ili pa liwiro lalikulu, imapepuka, matayala n'kugwira phula pang'ono pa nthawi imene woyendetsa ayenera kuyamba kukhotera kumanja. Pa Schwedenkreuz pali kona yaitali ya kumanzere imene magalimoto amphamvu amafikapo atapitirira makilomita 200 pa ola, ndipo kulakwitsa pang'ono pamenepo kumathera m'zitsulo. Pa Fuchsröhre msewu umatsetsereka kulowa m'chigwa n'kukweranso mwadzidzidzi, galimoto imakanikizika pansi, thupi la woyendetsa n'kulemera. Munthu akadali ndi chimwemwe cha liwiro limenelo amakumana ndi Adenauer Forst, kona yothina ya kumanzere yobisika pamwamba pa mtunda, pamene alendo ambiri amangowongoka kulowa mu udzu. Pa Karussell msewu wamkati ndi wopendekeka, woyalidwa zidutswa za simenti zimene zimagwedeza galimoto yonse, ndipo wolowapo mothamanga kwambiri amatayidwira kunja.

Nyengo ya ku Eifel imaonjezera vuto. Popeza msewu ndi wautali ndipo umadutsa m'mapiri, pageti pangathe kukhala dzuwa pamene kuseri kukugwa mvula. Pansi pa mitengo phula limachedwa kuuma. Munthu amene wadutsa makona khumi ouma amakhulupirira kuti yotsatirayo ndi youmanso.

Pa nthawi ya anthu wamba, malamulo a pamsewu a dziko la Germany ndi amene amagwira ntchito pa Nordschleife, osati malamulo a mpikisano. Magalimoto onse amalowera mbali imodzi. Woyenda pang'onopang'ono amakhala kumanja, ndipo kupitirira mnzako n'kololedwa kumanzere kokha. Kuima popanda chifukwa, kubwerera chambuyo, kupikisana ndi kuyeza nthawi n'zoletsedwa. M'mbali zambiri mulibe malire a liwiro, koma pa Breidscheid ndi poyandikira potulukira malire alipo. Galimoto yaphokoso lopitirira muyeso amaitulutsa. Ngozi ikachitika apolisi amabwera n'kufufuza monga amachitira pamsewu wina uliwonse, ndipo amene anapitirira mnzake chakumanja amakhala ndi mlandu woti ayankhe.

Apa pali kusagwirizana kumene kumabala ngozi zambiri. Woyendetsa pa mpikisano amaphunzira kugwiritsa ntchito msewu wonse: amalowa pakona kuchokera kunja, n'kudulira mkati, n'kutulukiranso kunja. Lamulo lakuti ukhale kumanja silikugwirizana ndi njira imeneyi. Wina akudulira kona ya kumanzere monga anaonera pa kanema, pamene wina kumbuyo kwake akudalira kuti mbali ya kumanzereyo ikhala yotsegula monga lamulo likunenera. Mlendo wochokera ku Britain, ku South Africa kapena ku Malawi, kumene magalimoto amayenda kumanzere, ali ndi vuto lina lapadera. Akadzidzimuka ndi galimoto yobwera mwaliwiro kumbuyo, dzanja limathamangira ku zimene linazolowera, n'kupatukira kumanzere kumene mnzakeyo akudutsira.

Pa mpikisano weniweni magalimoto amakhala a liwiro loyandikana ndipo madalaivala amakhala ndi ziphaso za mpikisano. Pa Touristenfahrten kagalimoto ka banja, muli bambo ndi ana ake okwera kumbuyo, kamayenda pamodzi ndi Porsche 911 GT3 yoyendetsedwa ndi munthu amene wazungulira msewuwu kambirimbiri. Wina akuyenda makilomita 140 pa ola, wina 240. Kusiyana kwa makilomita 100 pa ola kukutanthauza kuti wakumbuyoyo amayandikira ndi mamita 28 pa sekondi iliyonse. Galimoto imene pa galasi loonera kumbuyo ikuoneka kutali, mamita 100, imafika masekondi anayi asanakwane. N'chifukwa chake ozolowera amalangiza mlendo kuti aziyang'ana pa galasi nthawi zonse, akaona wothamanga ayatse indiketa ya kumanja, asunthire kumanjako, achotse phazi pamoto pang'ono, ndipo asasinthenso maganizo pakati. Wothamangayo nayenso ali ndi udindo, ndipo ndi waukulu kuposa wa mnzakeyo, chifukwa iye ndiye akuona zonse. Ngati wakutsogolo sanasonyeze kuti wamuona, ayenera kudikira.

Liwiro lenilenilo lili ndi masamu ake amene thupi la munthu silimva. Galimoto yoyenda makilomita 200 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 56 pa sekondi imodzi, ndipo sekondi imodziyo ndi nthawi imene munthu amatenga kuti aone choopsa, azindikire, ndi kufikitsa phazi pa buleki. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira ndi mphamvu ya kugunda zimawirikiza kanayi. Galimoto ya matayala abwino pa phula louma imaima pa mamita pafupifupi 40 kuchokera pa makilomita 100 pa ola, koma kuchokera pa 200 imafuna mamita pafupifupi 160. Kugunda chinthu chosasuntha pa makilomita 100 pa ola n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pamwamba pa mamita 39, ndipo pa 200 ndi mamita 157. Mkati mwa galimoto yamakono, yotseka bwino phokoso, kusiyana kwa 160 ndi 200 sikumveka kwenikweni. Kumaonekera pakona.

Chiwalo chimene chimayamba kufooka pa galimoto ya pamsewu wamba ndi mabuleki. Ntchito ya buleki ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo m'tauni kapena pamsewu waukulu zitsulo zake zimapeza mpata wozizira. Pa Nordschleife, makamaka pa mtsetse wautali wotsikira ku Breidscheid, woyendetsa amaponda mwamphamvu mobwerezabwereza. Madalaivala a malole otsika mapiri a Chiweta kapena a Chikwawa amalidziwa bwino fungo la mabuleki opsa ndi zimene zimatsatira. Kufookaku kuli pawiri. Mapadi akatentha kupitirira muyeso wake amaleka kugwira, phazi limamva buleki ili yolimba koma galimoto siima. Kwina n'kwa mafuta a mabuleki. Mafutawa amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, ndipo akakalamba amawira msanga. Mafuta a mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akayamwa madzi angathe kuwira pa madigiri 155. Akawira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika. Buleki imafewa, imatsika mpaka pansi, galimoto n'kumapitirirabe.

Zimenezi kawirikawiri zimayamba zachenjeza. Buleki imayamba kutsika pang'ono kuposa poyamba, fungo limalowa m'galimoto, chiwongolero chimanjenjemera poponda. Woona zizindikirozi ayenera kusiya kuthamanga nthawi yomweyo, akhale kumanja ndi kumaliza ulendo modekha kuti mphepo izizire zitsulo. Amene amadziwa za msewuwu amasintha mafuta a mabuleki asananyamuke kunyumba, amaona ngati mapadi akadali okhuthala, ndipo sazungulira kawiri kapena katatu mondondoza popanda kupumitsa galimoto. Magalimoto amagetsi ndi ena akuluakulu amakono, olemera matani awiri kapena kuposa, amatopetsa mabuleki msanga ngakhale injini ili ndi mphamvu zochuluka.

Matayala nawo amasintha akatentha. Mpweya wa mkati umakwera, tayala limatupa pakati n'kuchepetsa mbali yogwira phula, ndipo mphira wotentha kwambiri umayamba kuterera. Tayala lozizira silinayambe kugwira bwino, makamaka la mtundu wa mpikisano wokhala ndi mizere yochepa, limene pa mvula limasanduka loopsa. Tayala lakale, longa lija la zaka zambiri koma looneka ngati latsopano chifukwa galimoto inkangokhala m'galaja, lingathe kung'ambika pa liwiro lalikulu.

Mphamvu ya injini payokha si imene imagwetsa anthu. Chimene chimawagwetsa ndi kusiyana kwa zimene galimoto ingathe ndi zimene woyendetsa akudziwa. Galimoto yaing'ono imayamba kulira matayala ndi kuterereka pa liwiro lochepa, mwini wake n'kuphunzira malire ali ndi mpata wokonza cholakwa. Galimoto yamphamvu yamakono imagwira msewu mwakachetechete mpaka pa liwiro limene cholakwa chilichonse sichikonzeka. Kuyambira mu 1995, pamene Bosch ndi Mercedes-Benz anatulutsa chipangizo cha ESP, magalimoto ambiri ali ndi kompyuta imene imamva galimoto ikayamba kutembenuka n'kugwira buleki ya tayala limodzi kuti iiwongole. Chipangizochi chapulumutsa anthu ambiri. Vuto lake n'lakuti chimakonza zolakwa mwini wake osadziwa kuti walakwa, iye n'kumadziyesa katswiri. Ndiye ena amachizimitsa pageti poganiza kuti chikuwachedwetsa. Kwa munthu amene sanaphunzire kubweza galimoto yoterereka, kuzimitsa ESP ndi kuika moyo wake ndi wa anzake pachiswe popanda phindu lililonse.

Ngozi imodzi imabwerezedwabwerezedwa. Woyendetsa walowa pakona n'kuzindikira kuti wathamanga kwambiri. Mantha amamuchotsa phazi pamoto mwadzidzidzi, kapena amaponda buleki ali mkati mokhota. Kulemera kwa galimoto kumathamangira kutsogolo, matayala a kumbuyo amapepuka n'kutaya msewu, ndipo kumbuyo kwa galimoto kumazungulira. Magalimoto a injini kumbuyo monga Porsche 911 akale, ndiponso magalimoto aang'ono amphamvu okoka ndi matayala akutsogolo, amadziwika ndi khalidwe limeneli. Pamene galimoto yayamba kuterereka maso a munthu amakakamira pa chitsulo chimene akuopa kugunda, ndipo manja amatsatira maso. Alangizi amaphunzitsa kuchepetsa liwiro galimoto ikadali yowongoka, kulowa pakona modekha, kuonjezera moto pokhapokha potulukira pataoneka, ndi kuyang'ana kumene munthu akufuna kupita. Kunena n'kosavuta, koma thupi limazolowera zimenezi pokhapokha litazibwereza kambiri pa liwiro lochepa.

Pali choopsa china chimene ngakhale katswiri sangachipewe ndi luso lake: madzi kapena oilo wotayika pamsewu. Paipi ya rediyeta ikaphulika, madzi ake osakanizidwa ndi mankhwala oletsa kuundana amaterera kwambiri, ndipo pa phula lakuda saoneka msanga. Mu Okutobala 2021 galimoto ina inataya madzi otere pafupi ndi Bergwerk. Magalimoto angapo obwera pambuyo anaterereka n'kuwombana, munthu mmodzi anamwalira ndipo ena anavulala. N'chifukwa chake lamulo la pamenepo likuti amene wazindikira kuti galimoto yake ikudontha achoke pa phula nthawi yomweyo n'kuima pa udzu, osayesa kuikoka mpaka kugeti, pakuti kutero n'kutchera msampha wa makilomita angapo. Galimoto yosasamalidwa bwino siika pangozi mwini wake yekha.

Pa mpikisano, malo aliwonse oyang'anira amakhala ndi anthu ogwira mbendera, ndipo ozimitsa moto ndi madokotala amakhala chire. Pa tsiku la anthu wamba oyang'anira amakhala ochepa, ambiri akuyendera msewu pa galimoto. M'zaka zaposachedwapa eni ake aika makamera ndi nyali zochenjeza m'mbali mwa msewu kuti ngozi izioneka msanga, komabe masekondi oyamba pambuyo pa ngozi amakhala m'manja mwa amene ali pamalopo. Ngozi yachiwiri nthawi zambiri imaposa yoyamba. Wochita ngozi, ngati angathe kuyenda, ayenera kutuluka ndi onse amene ali nawo, kudumphira kuseri kwa zitsulo zotchinga, kuimbira foni nambala ya ngozi ya pamsewupo n'kutchula nambala ya chikwangwani chapafupi, ndi kuchenjeza obwera ali kuseri komweko. Kuima pa phula kuyang'ana mmene galimoto yaphwanyikira n'kumene kwavulaza ena. Woona mbendera kapena nyali yachikasu ayenera kuchepetsa liwiro kwambiri ndipo asapitirire wina aliyense.

Gawo lovuta kuliyeza ndi mtima wa woyendetsa. Nordschleife ndi msewu wa mbiri ya nthawi. Stefan Bellof anauzungulira m'mphindi 6 ndi masekondi 11 mu 1983 ali pa Porsche 956, ndipo Timo Bernhard anatsitsa nthawiyo kufika pa mphindi 5 ndi masekondi 19 mu 2018. Makampani amalengeza nthawi za magalimoto awo atsopano pofuna malonda. Nthawi zonsezi zimayezedwa msewu uli wotsekedwa, muli galimoto imodzi kapena akatswiri okhaokha. Komabe alendo ambiri amafika ali ndi nambala m'mutu, ndipo ngakhale kuyeza nthawi n'koletsedwa, amayeza mobisa pa foni kuchokera pa mlatho woyamba kufika pa chikwangwani chomaliza. Munthu amene akuthamangitsana ndi wotchi safuna kudikira kumbuyo kwa wochedwa, ndipo nyali yachikasu amaiona ngati yomutayitsa masekondi. Lamulo loletsa kuyeza nthawi ndi limodzi mwa malamulo anzeru kwambiri pamsewupo, ndipo ndi limene limathyoledwa kawirikawiri.

Pa kona ya Brünnchen pamasonkhana anthu oonerera ndi makamera, ndipo makanema a ngozi zochitikira pamenepo adzaza pa YouTube. Woyendetsa akaona khamu amafuna kuonetsa. Amene wanyamula mnzake kapena bwenzi lake amafunanso kumugometsa. Enanso amabwera atauloweza msewu pa masewero a pakompyuta monga Gran Turismo. Masewerowa amathandizadi kudziwa kuti kona yotsatira ikupita kuti, koma saphunzitsa kutsetsereka kwenikweni kwa msewu, kugwedezeka kwa galimoto, mantha, kapena chinyezi cha pansi pa mitengo. Ozolowera amanena kuti mlendo weniweni sachita ngozi kawirikawiri, popeza amakhala ndi mantha. Woopsa ndi amene wazungulira maulendo angapo, mantha atha, koma makona akadasokonezekabe m'mutu, moti amatenga kona yothina kuiyesa ina yofanana nayo imene amadutsa osaponda buleki.

Dalaivala wa mpikisano akachita ngozi pa liwiro lalikulu n'kutuluka wamoyo, chimamupulumutsa ndi zimene zamuzungulira: chikhola cha mapaipi achitsulo mkati mwa galimoto, mpando womugwira thupi lonse, malamba a nsonga zisanu ndi imodzi, zovala zosagwira moto, chipewa, ndi chogwira khosi chotchedwa HANS, chimene Formula 1 inachikakamiza kuyambira mu 2003. Galimoto ya pamsewu wamba ili ndi lamba mmodzi wodutsa paphewa ndi m'chiuno komanso ma airbag, ndipo poiyesa ku fakitale amaigunditsa pa liwiro la pakati pa makilomita 50 ndi 64 pa ola. Inapangidwira ngozi za pamsewu, osati za pa 200. Chipewa sichikakamizidwa kwa oyendetsa magalimoto pa Touristenfahrten, koma kuvala n'kwanzeru. Katundu yense womasuka m'galimoto, botolo la madzi, jeke, kamera yosamangidwa bwino, ayenera kutsala kunja, pakuti botolo lingagubuduzike kulowa pansi pa buleki. Oyenda pa njinga zamoto analibe chitetezo ngakhale chochepachi, ndipo kuyambira mu 2025 eni msewu anasiya kuwalola kuyenda pamodzi ndi magalimoto pa Nordschleife, n'kuwapatsa nthawi zawozawo zoyenda ndi alangizi.

Ngozi yosavulaza munthu imavulazabe thumba. Amene wagunda zitsulo amalipira kukonzetsa kwake pa mita iliyonse, galimoto yodzakoka yowonongekayo, galimoto ya oyang'anira, kuyeretsa msewu, ndiponso nthawi imene msewu watsekedwa chifukwa cha iye. Zonsezi zikaphatikizidwa zimafika masauzande a ma euro, galimoto yake isanawerengedwe. Amene wataya oilo n'kugwetsa ena angathe kufunsidwa kulipira magalimoto awo ndi kuvulala kwawo. Makampani ambiri a inshuwalansi, makamaka a ku Britain, amalemba m'mapangano awo kuti salipira ngozi ya pa Nürburgring. Ena amalipira wovulazidwayo chifukwa lamulo likuwakakamiza, kenaka n'kutembenukira mwini galimoto kuti awabwezere. Makampani wamba obwereketsa magalimoto amaletsa kulowa nawo pamsewuwu. Alipo ena pafupi pomwepo obwereketsa magalimoto okonzedwera ntchitoyi, ambiri aang'ono monga Suzuki Swift okhala ndi chikhola chachitsulo, koma wobwereka amasaina kuti akawononga alipira ndalama zambiri za m'thumba mwake.

M'maiko ena munthu wamba amalowa pamsewu wa mpikisano mwa njira ina. Ku Britain, pa misewu monga Silverstone, Brands Hatch ndi Donington Park, komanso ku South Africa pa Zwartkops pafupi ndi Pretoria ndi pa Killarney ku Cape Town, kumakhala masiku okonzedwa ndi makalabu kapena makampani. M'mawa onse amayamba amva malangizo. Chipewa n'chokakamiza, chiwerengero cha magalimoto chimakhala ndi malire, nthawi zambiri oyamba kumene amawapatula kwa ozolowera, ndipo maulendo oyamba amayenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa galimoto yotsogolera. Kupitirirana kumaloledwa pamalo owongoka, wakutsogolo atavomereza. Oyang'anira amakhala m'makona, ambulansi ili pomwepo, ndipo wosamvera amamuonetsa mbendera yakuda n'kumutulutsa. Ngozi zimachitikabe, ndipo inshuwalansi wamba sigwira ntchito kumenekonso, koma msewu wa makilomita atatu kapena anayi munthu amauloweza tsiku limodzi, ndipo akaphonya kona nthawi zambiri amakathera m'timiyala. Amene akufuna kudziwa malire a galimoto yamphamvu ayenera kuyambira pamalo otere. Pa Nordschleife penipeni pamakhalanso masiku otsekedwa a mtundu umenewu.

Wofuna kuuona msewuwu pa liwiro lake lenileni angathe kukwera monga pasinjala m'galimoto yoyendetsedwa ndi katswiri. Sabine Schmitz, amene anakulira ku Nürburg n'kukhala mayi woyamba kupambana mpikisano wa maola 24 pamsewuwu mu 1996, n'kupambananso mu 1997, anatchuka ponyamula alendo motere pa BMW M5. Anamwalira mu Malichi 2021, ndipo kona yoyamba ya Nordschleife inapatsidwa dzina lake. Luso lake linachokera m'maulendo masauzande ambiri pamsewu umodzi womwewo. Wofuna kuyendetsa yekha amachita bwino kulemba mlangizi wokhala naye pambali, kusankha madzulo a pakati pa sabata pamene magalimoto ndi ochepa, kupewa masiku a chikhamu monga Lachisanu Loyera pamene okonda magalimoto amadzaza dera lonselo, ndi kuleka akangomva kutopa, pakuti kuika maganizo onse pamsewu kwa mphindi khumi kapena khumi ndi ziwiri kumalemetsa mutu kuposa mmene ambiri amayembekezera.

Ulendo ukatha, ntchito imatsalapo. Makilomita omaliza, pa mbali yotchedwa Döttinger Höhe, ndi oyenda modekha kuti mabuleki ndi injini zizizire. Poimika galimoto sakoka handibuleki, chifukwa mapadi otentha angathe kumatirira kapena kupinditsa chitsulo, amangoisiya m'giya pamalo athyathyathya. Kenaka amayang'ana matayala, mpweya wake, manati a mawilo, oilo, ndi pansi pa galimoto ngati pakudontha kanthu. Wotuluka pageti amalowa m'misewu yopapatiza ya m'mudzi wa Nürburg ndi tauni ya Adenau, mmene muli ana, oyenda pansi ndi mathirakitala. Thupi limene langochoka pa makilomita 200 pa ola limamva 100 ngati kuyenda pang'onopang'ono, choncho kwa kanthawi woyendetsa ayenera kudalira sipidomita osati mmene akumvera, ndipo apolisi a m'derali amayeza liwiro m'misewu imeneyi pa masiku a anthu ambiri.